Usajambule Nyumba Yathu

Kuno ku Valparaíso munthu sayenda pathyathyathya nthawi yayitali. Ukangotuluka pakhomo ndiye kuti ukukwera kapena ukutsika, ndipo zibwenzi zambiri za mumzinda muno zinayambira pa masitepe, pomwe anthu awiri anaima kuti akokeko mpweya. Cha Amparo Cárcamo ndi Fermín Oyarzo chinayambanso choncho. Tsiku lina Amparo ankakwera kwawo ku phiri la Cordillera atanyamula nsomba m'thumba, ndipo anapeza mnyamata wamtali atagwada pakati pa njira, kamera ili kumaso, akudikira mphaka kuti atembenuke. Anamuuza kuti apatuke. Mnyamatayo anati adikire kaye. Anakangana mpaka mphaka anathawa, koma pofika nyengo yozizira awiriwa anali atayamba kukumana Loweruka lililonse n'kumazungulira mzinda wapansi, Amparo akusankha njira, Fermín akujambula.

Loweruka limene tikunenali kunacha ndi chifunga. Sitima za padoko zinkangomveka kulira koma osaoneka. Fermín anali atakhala pa benchi pabwalo la Echaurren, pakati pa nkhunda ndi madala omwe amaswera pamenepo.

"Wachedwa," anatero Fermín, Amparo atatulukira.

"Sindinachedwe. Ndinaima pangodya paja kukuonera. Ndimafuna ndidziwe ngati ungadikire munthu ngati mmene umadikirira mphaka."

"Ndiye wapeza zotani?"

"Wayang'ana wotchi. Mphaka uja sunamuyang'anire wotchi."

Fermín anaseka n'kumupsompsona patsaya. Anadutsa kuseri kwa msika, komwe amayi ogulitsa nsomba anali akupala mamba. Amparo anali atakhazikitsa lamulo limodzi kuyambira pachiyambi, loti munthu sajambulidwa asanapatsidwe moni. Choncho Fermín anavula chipewa n'kupereka moni.

"Jambula ine, wokongola iwe!" anakuwa mayi wina wonenepa, mpeni uli m'manja. "Mwamuna wanga akumbukire zomwe ali nazo kunyumba!"

"Usayerekeze, mwanawe," mnzake anayankha. "Kamera yako iphulika!"

Anawajambula onse awiri akuseka, kenako iye ndi Amparo anayamba kukwera. Njira inkapinda pakati pa nyumba za malata, zina zofiira, zina zobiriwira, zina zosadziwikanso mtundu. Zovala zinali zitayanikidwa kuchokera pazenera lina kufika pa lina. Galu wina wopanda mwini anawatsatira ngati wawadziwa kale. Pamalo pena Fermín anaima nthawi yayitali patsogolo pa chitseko chabuluu chomwe chinali chikadali chilili ngakhale kumbuyo kwake kunalibenso nyumba, kunali udzu ndi mabotolo basi.

"Ndikufunse," anatero Amparo atakhala pa sitepe. "Alendo amajambula makoma opentedwa bwino. Iwe umasakasaka dzimbiri ndi zinthu zakutha. Chifukwa chiyani?"

Fermín anapukuta galasi la kamera ndi ngodya ya malaya ake, kenako anakhala pafupi naye.

"Ndinakulira ku phiri la La Cruz. Tsiku lina ndili kusukulu moto unabuka kumtunda, mphepo n'kuutsitsa. Pomwe ndimafika, msewu wathu wonse unali phulusa. Ukudziwa zomwe amayi anapulumutsa? Poto ndi galu." Anamwetulira pang'ono. "Zithunzi zonse zinapsa. Chaka chotsatira amayi anamwalira, ndipo ndilibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Nkhope yawo ndimaikumbuka, koma ikufufutika pang'onopang'ono ngati utoto wa pachitseko apa. Nthawi zina ndimakumbukira maso, pakamwa n'kundisowa. Ndiye ndikaona chinthu chomwe chatsala pang'ono kuchoka, dzanja limangopita lokha."

Miyezi yonseyi Amparo anali asanamvepo zimenezi. Kumunsi chifunga chinayamba kung'ambika, ndipo makontena a padoko anaonekera ataunjikana ngati mabokosi a machesi.

"Bweretsa," iye anatero.

"Chiyani?"

"Kamera. Iwe amakujambula ndani?"

Fermín anamupatsa mozengereza, n'kumuonetsa podina. Amparo anatseka diso limodzi, anamuyang'ana nthawi yayitali kuposa yofunikira, kenako anadina. Chithunzicho chinatuluka chopendekeka, mutu utadulidwa pamwamba.

"Wandimeta," anatero Fermín.

"Usafufute."

"Sindifufuta."

* * *

Dzuwa litatuluka bwino anatsika, n'kukweranso pa chikepe chakale choyenda pa njanji, chopita ku phiri la Alegre, komwe nyumba ndi zopentedwa kumene ndipo khofi amagulitsidwa mtengo wa nkhomaliro. Amparo sankakonda kumeneko, koma Fermín ankafuna kujambula madenga kuchokera pamwamba. Ali chitsamire mpanda woyang'ana kunyanja, anamva mawu a mkazi kumbuyo kwawo.

"Fermín! Ndiye ukadali moyo?"

Anali Ximena Prieto. Amparo anali atamvapo dzina lake. Mkaziyo ndi Fermín anaphunzira limodzi, anakhala pa chibwenzi zaka zingapo, ndipo tsopano Ximena ankagwira ntchito ndi anthu ogula nyumba zakale n'kuzisandutsa mahotelo. Anavala jekete loyera lomwe munthu sangakwere nalo basi. Anapsompsona Fermín patsaya monga mwa mwambo, koma dzanja lake linatsalira pa kolala ya malaya, likukonza chinthu chosafunika kukonza.

"Uyu ndi Amparo," anatero Fermín.

"Aa, ndiye ndiwe Amparo!" Ximena anamuyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato. "Wa ku Cordillera, eti? Phiri lokongola kwabasi limene lija. Kungoti anthu sanalidziwebe."

"Ife tikulidziwa," anayankha Amparo. "Takhala tikulikwera kuyambira tili ana."

Ximena anaseka ngati wauzidwa nthabwala yabwino. Anatembenukira kwa Fermín.

"Foni yanga suyankha masiku ano. Lolemba ndikufuna yankho, wamva? Sindingadikire mpaka kalekale."

Atapita, fungo la mafuta ake linatsala. Fermín anakweza kamera kumaso, koma Amparo anaona kuti sakujambula chilichonse.

"Yankho lanji?"

"Za ntchito."

"Anthu a ntchito amakugwira kolala choncho?"

"Amparo, za ine ndi iye zinatha kalekale."

"Iwe ukudziwa kuti zinatha. Nanga iye akudziwa?"

Fermín anatsitsa kamera. Anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena zina, koma anangoti, "Ndi iwe amene ndimadzukira Loweruka."

Amparo anafuna kukwiya, koma nkhani ya moto ija inali ikadali mumtima mwake, ndipo mkwiyo unasowa pokhala. Anangomukoka dzanja.

"Mawa usaiwale. Amayi akukudikira pa tiyi wa madzulo. Uvale malaya osang'ambika. Ndipo chinthu chakocho uchisiye kunyumba."

* * *

Nyumba ya a Cárcamo inali kumapeto kwa masitepe aatali, yamatabwa mkati, malata kunja, yotsamira phiri ngati munthu wotopa. Mayi a Amparo, Señora Eduvigis, anakhalamo kuyambira pomwe anakwatiwa. Amuna awo, omwe ankanyamula katundu padoko, anamwalirira m'chipinda cham'mwamba, ndipo chithunzi chawo chinali pakhoma, pamwamba pa wailesi. Patebulo panali buledi wowotcha, mapeyala ophwanya othira mchere, ndi ketulo ya tiyi. Aníbal, mchimwene wake wa Amparo yemwe analowa ntchito ya bambo ake padoko, anakhala ku mutu wa tebulo atapinda manja.

"Ndiye awa ndi a Kamera aja?" anatero Aníbal. "Ndimayesa mumabadwa nayo pakhosi."

"Amaivula pa zochitika zazikulu," anayankha Amparo. "Khala bwino, Aníbal."

Fermín anapereka moni mwaulemu n'kukhala pomwe anamuonetsa. Mpando wake unayang'ana zenera lalikulu, ndipo pazenerapo doko lonse linali poyera, kuyambira pa sitima zankhondo mpaka kutsidya komwe nyumba za ku Viña zimanyezimira. Anayang'ana kamodzi, kenako anagwetsa maso m'kapu yake.

"Idyani, mnyamata," anatero Señora Eduvigis. "Muno sitisunga buledi wa mawa."

Anacheza za mpira ndi za mvula yomwe inali itachedwa. Kenako mayiwo anaika kapu yawo pansi mosamala.

"Mwana wanga akuti mumajambula nyumba zakale."

"Inde, Señora."

"Mwaona nyumba yachikasu ija pakati pa masitepe, yokhala ndi chikwangwani cha hotelo? Munali Don Hilario mmenemo, wosoka nsapato. Nsapato za ana angawa ankakonza ndi iwo. Tsiku lina kunabwera mnyamata ngati inuyo, waulemu ndithu, n'kujambula khonde lawo ndi maluwa ake. Chithunzicho chinatuluka m'magazini ya ku Santiago. Chaka chisanathe, eninyumba anagulitsa. Lero Don Hilario ali kwa mwana wawo ku Quilpué, m'kachipinda koyang'ana khoma la anthu ena. Munthu amene moyo wake wonse ankadzuka ndi kulira kwa sitima." Anamuyang'ana m'maso. "Munajambula ndinu?"

"Amayi!" anatero Amparo.

"Ndikufunsa basi."

"Sindine, Señora," anayankha Fermín. "Koma ndisakunamizeni. Ndikanadutsa tsiku limenelo, nanenso ndikanajambula."

Aníbal anatulutsa mpweya m'mphuno. Koma mayi ake anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene walandira yankho lomwe sankaliyembekeza.

"Bola simunama. Inu mumaona kukongola, sindikukana. Koma mukatenga chithunzi mumapita kwanu. Ife timatsala ndi anthu obwera pambuyo panu. Nyumba ino si yathu, timalipira lendi. Koma ana anga anabadwira muno, ndipo mwamuna wanga anatulukira pakhomo ilo ulendo wake womaliza. Amparo ndi wamkulu, sindingamumange mwendo. Muziyenda naye. Chimodzi chokha ndikupempha: nyumba ino musadzaijambule. Kaya kunja, kaya mkati, kaya zenera limenelo."

Fermín anayang'ananso zenera lija, moti Amparo anamuponda phazi pansi pa tebulo.

"Sindidzaijambula, Señora," iye anatero. "Ndikulonjeza."

Señora Eduvigis anamuthirira tiyi wina ndi dzanja lawo, chinthu chomwe sanachitirepo mnyamata aliyense wobwera ndi Amparo. Koma pochotsa mbale, Amparo anaona kuti buledi wa Fermín watsala theka.

* * *

Lolemba masana, pa nthawi yopuma kuntchito, Amparo analembera Fermín uthenga.

"Amayi akuti ndiwe woonda kwambiri. Kwathu amenewo ndi mawu abwino."

Yankho linabwera nthawi yomweyo. "Ndiye ndakhoza?"

"Mayeso oyamba okha. Aníbal akuti uli ndi manja a munthu amene sananyamulepo chinthu cholemera kuposa supuni."

"Umuuze kuti ndinanyamulapo nsomba za mlongo wake."

"Wabodza. Unakana kundipatukira."

Panapita kanthawi. Amparo ankaona kuti Fermín akulemba, n'kusiya, n'kuyambanso. Kenako uthenga unafika.

"Pali nkhani ndikufuna tikambirane. Osati pafoni."

"Ya Ximena?"

Ulendo uno yankho linachedwa mpaka nthawi yopuma inatha.

"Si zomwe ukuganizazo. Ndikuyesa kukonza kanthu kena. Loweruka ndidzakuuza zonse."

Pobwerera kunyumba tsiku limenelo Amparo sanakwere chikepe. Anayenda wapansi, pang'onopang'ono, n'kudabwa kuti tsopano akuona zinthu zomwe wakhala akuzidutsa moyo wake wonse: mng'alu wa pakhoma wooneka ngati mtsinje, nsapato imodzi yolendewera pa waya wamagetsi, mthunzi wa agogo ena pa katani. Fermín ndi amene anamuphunzitsa kuyang'ana choncho. Anadzifunsa ngati munthu wophunzitsa ena kuona angakhale ndi zambiri zobisa. Anadzifunsanso ngati iye mwini akuopa Ximena, kapena akuopa kuti wayamba kukonda munthu mopitirira pomwe angabwerere. Pofika pa nyumba yachikasu ija, mlendo wina anamupempha kuti amujambule pakhonde. Amparo anamujambula, n'kumubwezera foni yake.

* * *

Lachitatu linali tsiku lopuma la Amparo. Kunali mphepo yabwino yowumitsa zovala, ndipo iye ndi mayi ake anali pakhomo akuyanika nsalu za pabedi. Señora Eduvigis anali akung'ung'udza nyimbo, zomwe sankachita kawirikawiri.

"Mnyamata wako uja," anatero osayang'ana mwana wawo, "alibe mayi, eti?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Mmene amagwirira kapu. Lamlungu likubwerali umuuze abwerenso. Ndidzaphika nyemba zosakaniza ndi dzungu."

Amparo anabisa nkhope kuseri kwa nsalu kuti asaoneke akumwetulira. Ndi pomwepo pamene anamva mapazi ndi mawu kumunsi kwa masitepe. Anasuzumira. Patsogolo panali bambo wina wovala suti, akupukuta thukuta ndi mpango. Pambuyo pake panali jekete loyera.

Señora Eduvigis anamuzindikira bamboyo. Anali Señor Valdebenito, mwana wa malemu mwininyumba, yemwe ankakhala ku Viña ndipo anali asanakwerepo masitepe amenewa kuchokera pa maliro a bambo ake. Nyimbo ija inathera pakhosi.

"Señora Eduvigis, muli bwanji?" anatero bamboyo akupumira m'mwamba. "Pepani sindinakudziwitseni. Awa ndi a Prieto. Akufuna angoona nyumbayi pang'ono, mkati ndi kunja. Musade nkhawa, tidzakupatsani nthawi yokwanira."

"Nthawi yokwanira ya chiyani?"

Bamboyo anayang'ana Ximena, Ximena n'kumwetulira.

"Moni, Amparo. Sindinaname, eti? Phiri lanuli ndi lokongola."

Maso a Amparo anali pa munthu wachitatu yemwe ankakwera mothamanga, akudumpha masitepe, chikwama cha kamera chikumumenya m'chiuno. Fermín anafika tsitsi lili nyankhalala, n'kuima pakati pa alendowo ndi chitseko.

"Ximena, tinagwirizana kuti udikira."

"Unapempha kuti ndidikire. Kugwirizana ndi kwina." Ximena anatembenukira kwa Señor Valdebenito. "Uyu ndi amene amatijambulira nyumba zathu. Lero akuvutavuta, koma palibe womuposa."

"Sindinabwere kudzajambula," anatero Fermín. Ankayang'ana Amparo yekha. "Ndinakana, Amparo. Lolemba lomwe lija ndinamuuza kuti sindichita. Ndimayesa kumuonetsa nyumba zina, zopanda anthu, kuti asiye ino. Ndangomva pompano kuti akubwera kuno, ndiye ndathamanga."

Amparo anali akadagwira nsalu yonyowa. Madzi ankatsikira m'zigongono mwake koma sanawamve.

"Unadziwa liti?"

"Amparo..."

"Ndakufunsa. Unadziwa liti kuti akufuna nyumba yathu?"

Fermín anati, "Lachisanu lapitali."

Mphepo inawomba nsalu za pachingwe. Kumunsi sitima ina inalira ikutuluka padoko. Señora Eduvigis anaika pansi dengu la zovala, n'kupukuta manja pa epuloni yawo pang'onopang'ono.

"Ndiye Lamlungu lija," anatero motsitsa mawu, "munakhala patebulo langa, pansi pa chithunzi cha mwamuna wanga, mukudya buledi wanga, mukudziwa."

"Señora, ndimaganiza kuti nditha kuziletsa inu musanamve. Sindinafune kuti mude nkhawa pachabe."

"Musamuimbe mlandu kwambiri, mayi," Ximena analowerera ndi mawu okoma. "Iye sanalakwe kwenikweni. Anangondiuza tsiku lina, akunyadira, kuti chibwenzi chake chatsopano chimakhala m'nyumba yomwe munthu amaona sitima isanaganize n'komwe zolowa padoko. Zinazo ndinafufuza ndekha."

Amparo anamva ngati sitepe yachoka pansi pa phazi lake. Mawu amenewo anali ake. Ndi iye amene anawanena kwa Fermín masiku oyambirira, akumufotokozera za zenera la kwawo, ndipo sanawanenepo kwa munthu wina aliyense. Anamuyang'ana, kudikira kuti akane. Fermín sanakane.

Señora Eduvigis anakwera sitepe ya pakhomo n'kuima m'chitseko, dzanja limodzi litagwira mphuthu.

"Señor Valdebenito, nyumba ndi yanu, koma lero simulowa. Mubwere ndi mapepala, mwana wanga Aníbal alipo." Kenako anatembenukira kwa mwana wawo wamkazi. Sanakweze mawu. "Amparo, ndinati sindingakumange mwendo, ndipo sindikumanga. Chitseko ichi ndikutseka. Usankhe mbali yomwe uime."

"Amparo, chonde," anatero Fermín, atatambasula dzanja. "Tsika nane mpaka pangodya pokha. Undimve kaye, kenako uchite zomwe ukufuna."

Chitseko chinayamba kulira pa mahinjesi ake akale. Amparo anayang'ana dzanja la Fermín, anayang'ananso nkhope ya mayi ake yomwe inkachepa m'mpata wa chitseko. Nsalu ija inapulumuka m'manja mwake n'kugwera m'fumbi, ndipo palibe amene anawerama kuti aitole.